Pholo limawolera pansi

Ntchito imene ndinagwira moyo wanga wonse ana a masiku ano saidziwa n'komwe. Ukawauza kuti ndinali wa mawaya a lamya, amayamba kukufunsa za netiweki, mwina kukupatsa foni yosweka galasi kuti uwakonzere. Ena akamva kuti munthu anakhala zaka pafupifupi 30 kwa bwana mmodzi amaseka, amati amadala inu munalibe kolowera. Mwina akunena zoona pang'ono. Koma nkhani ya kukhulupirika pantchito ndaisinkhasinkha nthawi yaitali, makamaka usiku chiuno chikandikaniza tulo, ndipo ndaona kuti ndi bwino ndiilembe mutu ukadali kugwira.

Ndinalowa ntchito kumapeto kwa zaka za m'ma 1970, ndili mnyamata woonda ngati bango. Chaka choyamba sunkakhudza waya ayi. Ntchito yako inali piki, fosholo ndi kunyamula makwerero. Unkakumba dzenje lofika m'chiuno, kudzutsa pholo la bulugamu lonunkha phula, kulitsindira ndi miyala, kenako kupita pa lina. Phula lija likakudonthera pakhungu dzuwa lili pamutu, linkawotcha ngati tsabola. Akapitawo akakhutira kuti manja ako akhwima, m'pamene ankakupatsa lamba wachikopa ndi pulayazi, n'kukuuza kuti kwera tione.

Lamya yapansi inali chinthu chosavuta kumvetsa koma chovuta kusamala. Nyumba iliyonse kapena ofesi inali ndi mawaya awiri a kopa ochokera ku eksichenji. M'mawayamo munkayenda mphamvu ya mavoti 48 yochokera ku mabatire akuluakulu a ku eksichenji komweko, n'chifukwa chake magetsi akazima lamya inkagwirabe ntchito. Mavoti 48 sapweteka kwenikweni. Koma wina akaimba nambala imene iwe wagwira waya wake, mphamvu yoliza belu, imene ndi yokulirapo, inkakumenya m'zala mpaka m'chigongono, makamaka manja akanyowa. Tonse tinatukwanapo tili pamwamba pa pholo, ngakhale amene anali akulu a mpingo.

M'maboma ang'onoang'ono munali lamya zopukusa. Umapukusa kachitsulo, opareta n'kuyankha, iwe n'kutchula kumene ukufuna, ndiye uzidikira. Kuimba kutali kunali kochita kulembetsa, ndipo nthawi zina munthu ankadikira mpaka nsima kupsa. M'mizinda munali makina odzilumikizira okha, ndipo ukalowa m'chipinda chake unkangomva kuti kwatakwata, kwatakwata. Wozolowera ankatha kudziwa ndi khutu lokha kuti maofesi atsegula kapena anthu apita kukadya. Mafoni opita kunja ankadzera pa chimbale chachikulu chija cha ku Kanjedza ku Limbe, ndipo ife a kumapolo tinkachiyang'ana monyadira ngati kuti tinachiumba tokha.

Zaka zambiri ndinagwirira ntchito chigawo cha Thyolo ndi Mulanje. Kumeneko mvula si yosewera nayo. Mitengo ya bulugamu inkagwera pa mawaya, mphenzi inkapsereza zipangizo, chiperoni chikabwera chinyontho chinkalowa m'malumikizidwe lamya n'kumangolira phokoso ngati mafuta pamoto. Ukatsegula bokosi pamwamba pa pholo unkayamba wamvetsera kaye ngati mulibe mavu. Chimene chinkatidzutsa m'bandakucha sichinali malipiro, poti anali ochepa. Tinkadziwa kuti waya waduka uja ndi umene chipatala chaching'ono chimaitanira ambulansi mayi akavutika pobereka, ndi umene umanyamula uthenga wa maliro kupita kwa mwana amene ali ku Lilongwe. Napolo atatsika m'phiri la Michesi ku Phalombe mu Marichi 1991, tinapita kukadzutsa mizere m'matope ofika m'mawondo, pakati pa miyala ikuluikulu ngati nyumba. Palibe amene anafunsa za alawansi sabata imeneyo. Anthu ankafuna kudziwa ngati abale awo ali moyo, basi.

Akapitawo athu anali bambo wamfupi, wosalankhulalankhula, wosuta fodya wopichira yekha. Phunziro lawo lalikulu linali limodzi: pholo siliwola pamwamba. Limawolera pamene lakumana ndi dothi, ndi pansi pake pang'ono, pomwe pamakhala chinyontho ndi chiswe. Kunja limaoneka lamphamvu, mkati muli ufa. Ndiye usanakwere unkaligogoda ndi hamala n'kumvetsera. Lamoyo limayankha mouma, lowola limayankha ngati ng'oma. Unkafukulanso dothi pang'ono m'tsinde n'kubaya ndi sikuludiraiva. Iwo ankati, "Anyamata inu, pholo lofooka limaimirira chifukwa mawaya aligwira uku ndi uku. Tsiku lomwe mudzamasule mbali imodzi ndi lomwe mudzadziwe mtima wake."

Mu 1992 mayiko otithandiza anaimitsa thandizo lawo, ndipo zinthu zinayamba kusowa paliponse. Kwathu kuntchito ukapita ku sitolo kukapempha mapolo atsopano ankangokuuza kuti tadikirani. Mzere wina wodutsa m'mphepete mwa minda ya tiyi unali utalembedwa kale kuti mapolo ake asinthidwe, koma unakhala chomwecho mpaka dzinja lotsatira. Tsiku lina mtengo unagwera mzerewo ndipo anatituma kukalumikiza. Pholo langa ndinaligogoda, akapitawo analigogodanso, tinafukula m'tsinde, linayankha bwino ndithu. Kuwola kwake kunali pansi kwambiri, kumene sikuludiraiva sifika. Nditakwera n'kumanga lamba, mnzanga wa pa pholo lotsatira anamasula mawaya othyoka aja kuti tikoke atsopano. Ndinangomva kuti thyo! kumapazi kwanga.

Chimene anthu sadziwa n'chakuti lamba amene amakuteteza kuti usagwe ndi yemweyo amakumangirira ku pholo likamagwa. Kudumpha sungathe. Ndinapita nalo limodzi mpaka pansi, ndipo linandigwera pachiuno cha kumanzere. Ndimakumbuka fungo la dothi lonyowa ndi mawu a amayi othyola tiyi akukuwa kuti mayo, wafa munthu. Anzanga anandinyamulira pa makwerero omwe aja n'kundigoneka kumbuyo kwa Land Rover. Msewu wa m'minda ya tiyi nthawi ya mvula, munthu utathyoka fupa la chiuno, sindingaufunire ngakhale mdani wanga.

M'chipatala ndinakhala miyezi itatu, mwendo atauukoka ndi zitsulo zolemera. Mayi a kunyumba anagona pansi pa bedi langa nthawi yonseyo, ana atawasiya kwa mlamu wanga. Mwezi ukatha anyamata a gulu lathu ankabwera ndi kaenvulopu ka ndalama zosonkherana, wina shuga, wina nthochi za kwawo. Malipiro anga sanaime. Koma chinthu chimene chinandipulumutsa kwenikweni ndinachidziwa pambuyo pake. Madzulo a tsiku la ngozi lomwelo, akapitawo anakhala pansi n'kulemba lipoti: nthawi, malo, nambala ya pholo, mayina a mboni. Analembanso mosabisa kuti mzere umenewo unali pa mndandanda wa mapolo ofunika kusintha ndipo zipangizo zinali zisanabwere. Wina wa mu ofesi anawapempha kuti chiganizo chimenecho achichotse, chingachititse manyazi akuluakulu. Iwo anakana. Anati, "Ndalemba zimene ndaona. Mukafuna zina lembani nokha, musainenso nokha."

Chifukwa cha pepala limenelo palibe amene anayerekeza kunena kuti ndinagwa chifukwa cha kusasamala kapena mowa, monga zinkanenedwera kwa ena. Dokotala anandiyeza n'kulemba kuchuluka kwa mphamvu zimene ndataya, mapepala anayenda, ndipo chipepeso chinabwera. Chinachedwa, ndipo pomwe chimafika kwacha inali itagwa kutsatira kumasulidwa kwake mu February 1994, mwakuti ndalama imene ikanamanga nyumba yonse inangokwana malata ndi zitseko. Komabe malata amenewo ndi omwe ndikugonamo mpaka lero.

Nditabwerera kuntchito ndi ndodo, aliyense ankadziwa kuti kukwera ndiye kwatha. Njira yapafupi inali yondipumitsa pa zifukwa za matenda, ndili ndi ana asanu apasukulu. Bwana wamkulu wa chigawo anandiitanitsa mu ofesi mwake, mtima wanga uli phaphapha. Anandiyang'ana nati, "Bambo, munthu wodziwa pamtima pholo lililonse kuchokera ku Bvumbwe mpaka ku Muloza sitingamutumize kukalima nandolo. Mawa mukayambe pa tebulo loyezera." Ndiye ndinakhala woyeza mizere ndili mkati mwa eksichenji. Munthu akadandaula kuti lamya yafa, ndinkayeza ndi mita n'kuona ngati waya waduka, wagundana ndi unzake kapena wakhudza pansi, kenako n'kuwauza anyamata kuti kayambireni pa mlatho paja, pali nsungwi zimene zimakhudza mawaya mphepo ikawomba. Nthawi zambiri ankapeza vuto pomwepo. Ntchito imeneyo ndinaigwira zaka zoposa 10, ndipo ana onse anamaliza sukulu.

Kenako dziko linatembenuka. Mafoni a m'manja analowa chapakati pa zaka za m'ma 1990, poyamba a mabwana okhaokha, kenako a aliyense. Lamulo latsopano la zamtokoma ndi mauthenga la 1998 linabweretsa bungwe la MACRA ndi mpikisano. Akuba anazindikira kuti kopa ndi ndalama, ndipo mzere umene tinkaulumikiza Lolemba unkapezeka wasowa Lachitatu. Kuntchito kunabwera eni atsopano, mabwana atsopano ndi mawu atsopano onena za kuchepetsa antchito. Amene anali m'gulu loyamba kulandira kalata anali akapitawo aja. Kalatayo inali ya mizere inayi, dzina lawo atalilemba molakwika. Yanga inabwera patapita nthawi, yofanana ndendende, kungosintha dzina ndi nambala. Amene anaisaina sankadziwa kuti ndimatsimphina, ndipo sindikumuimba mlandu, poti sanandionepo.

Ndiye mukandifunsa kuti kodi kampani inali yokhulupirika kwa ine, ndiyankha bwanji? Inandilipira ndili gone m'chipatala, inandisunga nditalumala, inandipatsa penshoni, ngakhale kugwa kwa kwacha kwa 2012 ndi kuja kwa 44 peresenti mu Novembala 2023 kwaisandutsa ya mchere ndi sopo. Yomweyonso inasiya pholo lowola lili chiimire, ndipo tsiku lina inandichotsa ndi mizere inayi. Ndikaziika pamodzi ndimaona kuti chilichonse chabwino chimene ndinalandira chinali ndi nkhope ya munthu kumbuyo kwake: amene anakana kufufuta chiganizo, amene anaganiza za tebulo loyezera, amene ankasonkha makobidi awo ochepa. Kampani payokha sikumbuka kanthu. Amakumbuka ndi anthu, ndipo anthuwo akachoka, zimene unachita zimachoka nawo, kupatula zokhazo zimene zinalembedwa. Inenso ndikadzifunsa moona, sindinkadzuka usiku chifukwa cha chidindo cha pa kalata. Ndinkadzukira akapitawo, anzanga, ndi munthu wosamudziwa amene ankadikira kuti lamya yake ilire.

Nkhaniyi ikundivuta mumtima chifukwa cha mwana wa mlongo wanga. Iye amakwera nsanja za mafoni a m'manja, zazitali kuposa pholo lililonse limene ine ndinakwerapo. Amene anamulemba si eni nsanja, ndi kakampani kena kamene kanapatsidwa ntchitoyo ndi kampani inanso, ndipo kontirakiti yake ndi ya miyezi itatu itatu. Atabwera kudzandiona pa Khirisimasi anandiuza kuti mnzake anatsetsereka n'kuthyoka mkono, abwana anamupatsa ndalama ya thiransipoti n'kumuuza kuti akachira adzaimbe. Palibe chimene chinalembedwa. Atachira anapeza malo ake pali wina.

"Nanga malume, inu mumati tizikhulupirika, tizikhulupirika kwa ndani?" anandifunsa choncho.

Sindinamuuze kuti asiye ntchito, poti ntchito ikusowa ndipo ali ndi mkazi ndi khanda. Ndinamuuza kuti ntchito aziigwira bwino, chifukwa pansi pa nsanja iliyonse pali mayi wina amene adzafune kuitana galimoto usiku. Koma ndinamuuzanso kuti malamulo alipo: la chitetezo ndi umoyo pamalo a ntchito la 1997, ndi la chipepeso cha ovulala pantchito la 2000. Malamulowo amayenda ndi umboni, ndipo umboni wake ndi pepala. Asunge kope la kontirakiti iliyonse, ngakhale ya miyezi itatu. Lamba ndi zingwe aziziyang'ana yekha m'mawa uliwonse, ndipo zikakhala zoperepeseka akane kukwera pamaso pa anzake, osati kumbali. Wina akavulala, tsiku lomwelo alembe nthawi, malo ndi mayina a amene anaona, ajambule ndi foni, kalata ya kuchipatala isatayike, ndipo nkhaniyo ikafike ku ofesi ya zantchito ya pa boma ngakhale abwana atakwinya nkhope. Paja amati chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.

Anandiyang'ana n'kuseka pang'ono, amvekere, "Malume, mukufuna andichotse ntchito eti?" Ndinamuyankha kuti mwina adzakuchotsa ndithu, monga anachotsera akapitawo anga, koma mabanja angapo anadya nsima zaka zambiri chifukwa cha cholembera cha bambo amene uja. Panopa mnyamatayu wayamba kutsogolera kagulu ka anyamata anayi. Pobwerera ku Blantyre ndinamuperekeza mpaka pa siteji, ndipo pa golosale ya pamenepo ndinamugulira kope lachikuto cholimba ndi mabolopeni awiri. Analandira ndi manja awiri, n'kuziika m'chikwama momwe amasungamo lamba wake.