Nkhungu Ziwiri za ku Chongoni

M'Chichewa mawu oti nkhungu ali ndi matanthauzo awiri: ija imakuta mapiri m'mamawa, ndi ija imamera pakhoma lonyowa. Kwathu ku Chongoni, m'boma la Dedza, tili nazo zonse. Alendo amabwera kudzaona zojambula za m'mapanga, zomwe bungwe la UNESCO linazilemba m'kaundula wake mu 2006, koma kuzizira kwa m'mapiri muno mu Juni ndi Julayi timakudziwa ndi ife eni dera.

Amalume atapuma pantchito anamanga nyumba ya bafa lam'kati, lopanda zenera, naikamo fani yotulutsa nthunzi. Chaka chisanathe siling'i inada ndi nkhungu, fani inayamba kudontha madzi, kenaka inapsa. Anagula ina, nayonso inapsa. Akazi awo, omwe amadwala mphumu, ankachezera kutsokomola, ndipo ndalama za penshoni zinkangothera ku mafani.

Pa tchuthi ndinakwera kudenga pamodzi ndi mmisiri wina. Tinapeza kuti paipi yochotsa mpweya inali yofewa, yaitali, ndipo inalendewera pakati ngati chingwe choyanikapo zovala. Polendewerapo panali patadzaza madzi. Fani inalibe mlandu.

Nkhani yake ili motere. Mpweya wofunda umanyamula chinyezi chambiri kuposa wozizira. Pa madigiri 30, kiyubiki mita imodzi imasunga madzi okwana magalamu 30, koma pa madigiri 10 imasunga pafupifupi 9 okha. Nthunzi ya m'bafa ikalowa m'paipi yomwe yagona pansi pa malata ozizira, imasanduka madzi, monga mame amachitira pa udzu. Paja madzi saiwala khwawa: amatsetsereka kubwerera kumene kwatsika, ndipo kwa amalume kotsikako kunali kufani.

"Amalume, musagulenso fani ina tisanakonze njira yake," ndinawapempha motero. Tinaika paipi yolimba, yaifupi, yopendekera pang'ono kunja kuti madzi azigwera pabwalo. Tinaikulunga ndi zotchinga kuzizira, ndipo kamwa lake tinalitulutsira kunja kwa khoma, pakuti nthunzi yothera m'denga imaoletsa mitengo. Tinadulanso chitseko pang'ono m'munsi, chifukwa fani singatulutse mpweya ngati wina sakulowa. Fani yatsopano tinaiyesa ndi kapepala ka tishu, ndipo kanamatirira, kusonyeza kuti ikukoka bwino. Masiku ano amaisiya ikuzungulira mphindi 15 munthu akatha kusamba. Khoma linauma, ndipo chifuwa cha mayi aja chinayamba kupepuka.

Bafa la udzu la agogo silinkasowa zonsezi, chifukwa denga lake ndi thambo. Tikasankha kusambira m'nyumba, tasankhanso kutsekera nthunzi, choncho ndi udindo wathu kuikonzera potulukira. Musanadzudzule fani, yambani mwakwera kudenga mukaone paipi.