Anandigulitsa ndi mpira wanga womwe

Ndine mwana wa ku Mbayani. Mpira ndinauyambira pa wachikulunga, m'tinjira ta pakati pa nyumba, ndipo pomwe ndinkalowa koleji kukaphunzira zamagetsi ndinali nditayamba kale kusewera kutsogolo m'timu ina ya ligi yaing'ono ya m'chigawo cha kummwera. Mkati mwa sabata ndinkasewerera koleji, Loweruka ndi Lamlungu timu yakwathu. Fizi ankalipira ndi amayi, kuchokera pa tomato ndi anyezi wa mumsika wa Mbayani.

Mu Januwale 2020 tauni yonse inkangokamba za Gabadinho Mhango. Mwezi umenewo anamwetsa Polokwane City zigoli zitatu yekha atavala jezi ya Orlando Pirates, ife tikukuwa m'nyumba zoonetsera mpira. Tonse tinkadziwa kuti anachoka ku Maule mu 2013 kupita ku Bloemfontein Celtic. Akuluakulu ankatikumbutsanso za Esau Kanyenda, amene anadzera ku Jomo Cosmos mpaka kukafika ku Rostov, ku Russia. Choncho munthu wina wovala bwino atandiimitsa masewero atatha, n'kunena kuti ndi ejenti ndipo ali ndi timu ku Joni yofuna wosewera wa mwendo wamanzere, sankanena zinthu zachilendo m'makutu mwanga.

Anabwera mpaka kunyumba, n'kukhala pamkeka. Anati, “Mayi, mwana wanuyu asathere pa fumbi lino. Inu mungopeza K700,000 ya thiransipoti, malo ogona ndi kulembetsa. Akangosaina, mwezi woyamba womwewo ndalama yanu yabwera.” Pafoni anationetsa zithunzi ali ndi osewera otchuka, ndi kalata yokhala ndi chidindo. Amayi anakatenga ngongole ku banki m'khonde, yotsalayo kwa wakatapila. Ine ndinasiya koleji pakati pa teremu.

Tinanyamuka awiri, ine ndi mnyamata wina wa ku Bangwe. Tinadzera pa Mwanza ndi Zóbuè, kuwoloka Zambezi pa Tete, kulowa Zimbabwe pa Nyamapanda, mpaka Beitbridge, pomwe anatidindira masiku 30 a mlendo wongocheza. Titafika ku Johannesburg, mnzake wa ejenti uja anatilanda mapasipoti, ati akakonzere chilolezo chogwirira ntchito. Anatiika m'kachipinda ka kuseri kwa nyumba m'komboni ina, momwe tinapeza anyamata a ku Congo ndi ku Zimbabwe atagona kale pansi. M'mawa uliwonse ankatitengera pabwalo lopanda mpanda, tikusewera tokhatokha, bambo wina ataima pambali ndi kope. Kuyesa mwayi kwake kunali komweko. Geti la timu ina iliyonse sitinalione. Kenako anayamba kundiuza kuti ndiimbire amayi atumize zina, za dokotala wopima osewera.

Pa 27 Malichi dziko la South Africa linatseka zonse chifukwa cha Covid-19. Foni ya mnzake wa ejenti uja inasiya kugwira, ndipo anapita ndi mapasipoti athu. Mwini nyumba anati lendi sinalipidwe, anatitulutsira zikwama panja. Masiku athu 30 anali atatha kale, ndiye kungoona galimoto ya polisi kapena asilikali mtima unkachoka. Maganyu kunalibe, popeza aliyense anali atadzitsekera. Panali masiku omwe chakudya changa chinali madzi a shuga basi. Nsapato zanga za mpira ndinasinthanitsa ndi buledi ndi thumba laling'ono la ufa. Chomwe chinkandipweteka kuposa njala ndi foni ya amayi, akufunsa kuti, “Mwanawe, wasaina?” uku wakatapila akuwagogodera chitseko.

Amene anandipulumutsa ndi telala wina wa ku Mangochi, yemwe anamva tikuyankhula Chichewa pamzere wolandira chakudya. Anangoti, “Achimwene, tiyeni kunyumba.” Ndinagona pansi pa mashini ake osokera. Iye ndi Amalawi anzake anasonkherana, anandithandiza kupeza chikalata choyendera mwadzidzidzi ndi malo m'basi. Kumapeto kwa Meyi mabasi athu anatitsitsira pa Kamuzu Stadium kuti tiyezedwe. Nthawi imeneyo ndi yomwe anthu oposa 400 anathawa pabwalopo. Ine ndinadikira zotsatira, ndilibe ndi mphamvu zomwe zothawira, ndikugona pabwalo lomwe kuyambira ndili mwana ndinkafuna kudzaseweramo.

Nditapezanso mphamvu ndinayamba kufunsa anthu odziwa za mpira, ndipo ndi pomwe ndinamva momwe wosewera amapitira kunja zenizeni. Timu yomufuna imalembera timu yake, chifukwa wosewera ali ndi eni ake. Kawirikawiri yoitanayo ndi imene imasamala za ulendo ndi pogona. Akagwirizana, mabungwe a mpira a mayiko awiriwo amatumizirana chikalata chotchedwa ITC kudzera pa makina a FIFA, ndipo kuno chimatuluka ku FAM. Popanda chimenecho sungalembetsedwe kunja, ngakhale utamwetsa zigoli zingati. FIFA imaletsanso kusamutsira kunja mwana wosakwana zaka 18, kupatula pa zifukwa zochepa, ndipo kuyambira 2023 ejenti watsopano amayenera kukhoza mayeso a FIFA kuti akhale ndi laisensi. Chaka chomwe ine ndinkavutikacho, Charles Petro anachoka ku Bullets kupita ku Sheriff Tiraspol ya ku Moldova, matimu awiri atakambirana poyera. Zonsezi palibe anatiuzapo, kukoleji kapena kutimu, ndipo chimenechi chimandikwiyitsa mpaka lero. Amatiphunzitsa kuponya kona, koma za mapepala omwe moyo wa wosewera wagonapo ayi.

Kukoleji ndinabwerera patapita nthawi, ndipo lero ndimayika mawaya a magetsi m'nyumba za anthu ku Chemusa ndi Chirimba. Ngongole ya amayi tinabweza movutika, atagulitsa benchi yawo ya mumsika. Madzulo ndimaphunzitsa ana mpira, ndipo mlendo aliyense wobwera ndi nkhani ya kunja ndimamufunsa laisensi yake ndi kalata yomwe timu yakeyo yalembera timu yathu, makolo ali pomwepo. Mnzanga wa ku Bangwe uja sanakwere nawo basi, anati sangaonane ndi bambo ake chimanjamanja. Akadali ku Joni, amatsuka magalimoto, ndipo mpaka pano alibe pasipoti.