Msilikali wopanda khomo

Ife a kunyanja amene tinatsatira fodya mpaka kudzakhazikika kuno kwa Kaluluma, kumpoto kwa Kasungu, tinakula tikumva mbiri ya asilikali. Agogo athu ambiri a ku Mangochi ndi ku Machinga analowa gulu la King's African Rifles, ndipo ena anakamenya nkhondo ku Burma mu 1944. Ana awo analondera njanji ya ku Nacala pa nthawi ya nkhondo ya ku Mozambique. Adzukulu atumikira ku Congo, kumene asilikali athu 6 anaphedwa mu Novembala 2018.

Chimene mbiriyo siitiuza ndicho kumene msilikali amakagona akavula yunifolomu. Kuno wosowa pokhala sagona mumsewu ngati wa m'tauni, choncho saonekera. Amagona m'chigafa, pansi pa fodya wa mwini, kapena m'kanyumba ka pa esiteti komwe ayenera kutulukamo malonda akatha. Tikuwadziwa bambo ena okalamba otere, amene anatumikirapo ku Nacala. Anakwatira chikamwini. Mayi atamwalira, nyumba ndi munda zinatsala ndi eni mbumba, ndipo atabwerera kwawo anapeza malo atagawidwa kale. Lero amalondera zigafa usiku kuti apeze pogona masana.

Sitinganene kuti boma langopinda manja. Ku Zomba, pafupi ndi Cobbe Barracks, kuli nyumba zosungiramo asilikali akale. Amene anakwanitsa zaka zawo pa ntchito amalandira penshoni. Chaka ndi chaka bungwe la asilikali opuma la VELOM limagulitsa maluwa ofiira a popi, ndipo mu Novembala atsogoleri amaika nkhata pa zipilala zachikumbutso. Palinso Mtukula Pakhomo, amene anayambira ku Mchinji mu 2006.

Komatu thandizo lonseli limafuna munthu wodziwika kumene akhala. Nyumba za ku Zomba n'zochepa, ndiponso n'kutali. Penshoni imalira mapepala ndi ulendo wa kubanki, pamene nkhalamba yoyendayenda mapepala ake anadyedwa kale ndi chiswe. Ngakhale dzina lakuti Mtukula Pakhomo likudzinenera lokha: olemba maina amawerenga makomo, ndiye wopanda khomo n'kosavuta kumudumpha.

N'chifukwa chake pempho lathu kwa boma ndi laling'ono koma lofunika: asilikali akale alembedwe maina mudzi ndi mudzi, kudzera kwa mafumu, ndipo olembawo alowe ndi m'maesiteti momwe. Munthu akalembedwa, mfumu ikhoza kumudulira kamalo, ndipo thandizo likhoza kumupeza.

Nanunso abale ndi alongo a kunyanja, gawo lanu lilipo. Ngati muli ndi amalume amene anachoka ku usilikali n'kupita ku fodya, ndipo papita zaka osamva za iwo, afunseni kwa obwera kuchokera kuno. Mwina chimene akudikira ndi uthenga wakuti kwawo kudakali malo omangapo nyumba.