Kusaka Gwero la Mluzu mu Wailesi ya Galimoto ku Kachebere

Mmisiri wa zamagetsi a galimoto wogwira ntchito m'dera la Kachebere, kufupi ndi seminale imene ansembe a White Fathers anatsegula mu 1939, amalandira makamaka matakisi ndi maminibasi oyenda pamsewu wa M12 pakati pa Mchinji boma ndi chipata cha Mwami, ndipo madalaivala ambiri amafika atagamula kale kuti wailesi yawo yafa chifukwa ikuimba mluzu. Mmisiri wodziwa ntchito sathamangira kuimasula, pakuti khutu ndilo limayamba ntchito sipanala isanagwiridwe.

Mluzu umene umakwera dalaivala akaponda mafuta n'kutsika akachotsa phazi umayambira ku alitaneta, makina amene amatchaja batire injini ikamalira. Magetsi ake amatuluka akusinthasintha mbali, ndipo tizipangizo totchedwa madayodi ndito timawawongola. Kamodzi kakapsa, mafunde otsalira amayenda m'mawaya mpaka kukamveka m'masipika. Kuthetheka kofulumira kumaloza ku mapulagi, vuto limene injini za dizilo zilibe.

Komabe nthawi zambiri alitaneta amapezeka wosalakwa, mlandu n'kugwera waya wa earth, amene amalumikiza chipangizo ku chitsulo cha galimoto kuti magetsi abwerere ku batire. Wailesi ikakhala kutsogolo, ampulifaya yokuza mawu kumbuyo, chilichonse chitagwira chitsulo pamalo akeake, ndipo malo amodzi ali ndi penti kapena dzimbiri, magetsi amafuna njira ina yobwerera, n'kudzera m'nthambo za RCA zimene ntchito yake n'kunyamula mawu okha. Mabampu a misewu yakumidzi amakhwefula mabawuti, matope a dzinja n'kudzamaliza ndi dzimbiri.

Pofufuza, mmisiri amazula nthambo za RCA pa ampulifaya injini ikulira: mluzu ukapitirira, vuto lili pa ampulifaya kapena earth yake; ukatha, likuchokera kutsogolo. Kenako amazula eriyo, ndiponso chaja ya foni, poti machaja otchipa amadzetsa phokoso lawolawo. Akapeza malo amene earth sakugwira bwino, amapala penti ndi sandipepa kufikira chitsulo chitawala, amafupikitsa wayayo, amamanga bawuti zolimba, n'kudutsitsa waya wochokera ku batire mbali ina ya galimoto, nthambo za mawu mbali inayo. Sefa yotchingira phokoso, imene madalaivala othamangira makasitomala amaikonda, imangophimba chilonda, ndipo dayodi yopsa imapitiriza kufooketsa batire.

Palinso vuto la galimoto zakale zochokera ku Japan, zimene mawailesi ake ambiri amagwira FM kuyambira 76 kulekeza 90 MHz, pomwe nyumba zoulutsira mawu za kuno zili pakati pa 87.5 ndi 108 MHz. Wofuna kumvera Mudziwathu ya ku Mchinji amaikitsa kabokosi kosuntha mafunde pa waya wa eriyo, ndipo kabokosiko kakalumikizidwa mongopota mawaya n'kukulunga tepi, kamabweretsa kusokosera kumene kulibe chochita ndi injini. Apa mankhwala ake ndi kuwotcherera mawayawo ndi mtovu.