KU KASANKA, KUMENE MILEME IMAPHIMBA THAMBO

Munthu wocoka ku Lusaka pa mseu waukulu wa kumpoto, akapitirira Kapiri Mposhi, Mkushi ndi Serenje, napatukira ku mseu wa ku Mansa, amafika m'dziko la Mfumu Chitambo, kumene David Livingstone anamwalirira m'caka ca 1873. Kumeneko kuli Kasanka National Park, limodzi mwa malo ang'onoang'ono osungirako nyama m'dziko lathu. Ife a kum'mawa tinazolowera kutama njobvu za ku Luangwa, koma ulemerero wa Kasanka ndi mileme.

Caka ndi caka, kumapeto kwa mwezi wa Okutobala, mileme yodya zipatso imafika kuno miyandamiyanda kucokera ku nkhalango za ku Congo ndi kwina. Owerengera amati imafika mamiliyoni 8 kapena 10. Yonseyo imagona m'kathengo kamodzi ka m'dambo, ka mitengo yosayoyola masamba, kamene eni dziko amakacha mushitu. Tinaona nthambi zikuluzikulu zitathyoka cifukwa ca kulemera kwa mileme yolendewera. Dzuwa likamalowa, yonse imanyamuka, thambo nkuda bii, munthu nkungogwira pakamwa. M'bandakuca imabwerera itakhuta, nkhwazi zikuidikira. Pofika kumapeto kwa Disembala, yapita.

Cimene imatsata ndi masuku, maula ndi zipatso zina zakuthengo zimene zimapsa mvula ikamayamba. Usiku umodzi mleme umauluka makilomita ambiri, ndipo njere zimene wameza umazitaya kutali ndi mtengo umene unadyako. Motero kanyama kamene nthano za agogo zimati kanakanidwa ndi mbalame ndi mbewa zomwe, ndiko kamabzala mitengo popanda khasu ndi popanda malipiro.

Apa ndiye pagona nkhani. Alonda angathe kulondera kathengo kogonamo mileme, koma cakudya cake cili m'thengo la kunja kwa malire, kumene kuli minda ndi midzi ya anthu. Thengo limenelo likutha ndi nkhwangwa za owocha makala ndi makina a olambula minda ikuluikulu ya malonda. M'caka ca 2022 Bwalo Lalikulu la milandu linacita kulamula kuti kugwetsa mitengo m'dera lina la Kafinda, loyandikana ndi Kasanka, kuyambe kwaima.

Nako kusintha kwa nyengo kukuonjezera bvuto. Sitinaiwale cilala ca 2024, cimene Mtsogoleri wa dziko Hakainde Hichilema anacilengeza kuti ndi tsoka la dziko lonse. Mvula ikacepa, dambo limauma, ndipo moto wolusa wa m'cilimwe, umene kale unkazimira m'cinyontho, umalowa mpaka m'kati mwa mushitu. Mvula ikacedwa, zipatso zingaphonyane ndi nthawi imene mileme imafika. Ncifukwa cake osamalira nkhalango amalimbikitsa kutentha msanga, udzu ukali wauwisi, ndi kulambula njira zochinga moto. Moto wa mu Juni umangonyambita udzu; wa mu Okutobala umapha mtengo ndi mphukira zomwe.

Abale ndi alongo mwa Ambuye, Papa Fransisko m'kalata yake Laudato Si' ya 2015 anatikumbutsa kuti dziko lino ndi mudzi wa tonse, ndipo colengedwa ciliconse cili ndi nchito imene Mlengi anacipatsa. Ambiri a ife sitidzafika ku Kasanka, koma tonse tili ndi msuku kuseri kwa munda ndi dambo kunsi kwa mudzi. M'miphakati yathu tikambirane za nthawi yotentha thengo, za mitengo ya zipatso yoyenera kusiya polambula munda, ndi za anyamata otentha chire pofuna mbewa. Akulu anati madzi akatayika saoleka. Msuku umene tiusiya lero udzadyetsa mleme ndi mdzukulu wathu yemwe.