Kubwerera m'tinjira ta m'phiri

Anzanga amene mwayambiranso kuthamanga mitunda italiitali m'mapiri mutapuma nthawi, samalani potsika. Mpweya umabwerera msanga, mpaka kukunamiza kuti wachira. Mawondo ndi akakolo ndiye amachedwa kulimba.

Chitunda chochokera pa Likhubula kukwera ku Chambe, m'phiri la Mulanje, ukhoza kungochiyenda, manja ali pantchafu, palibe chamanyazi. Koma potsetsereka, pamiyala yoterera ija ndi mizu yotuluka panja, ntchafu ndi zimene zimagwira mabuleki, ndipo ululu wake umadzakupeza mkuja, pofuna kudzuka pampando.

Ine pakadali pano potsika ndikuponda pafupipafupi, maso ali patsogolo pang'ono. Za mpikisano wothamanga wa Porters Race ndidzaziganizira akakolo akasiya kunjenjemera.