Ndidapita ku Kachulu kukaona chomwe ndimalipirira fizi

Chaka chomwe mwana wa mchemwali wanga adasankhidwa kupita ku MUBAS, sukulu ya ukachenjede ija tidaizolowera kuti Poly, tidapha nkhuku ziwiri. Koma nditamva kuti akukaphunzira Environmental Health, nsima idandiima pakhosi. Ine ndimayembekezera namwino kapena dotolo. Mnzanga wina wa pabawo adachita kundiseka: "Ndalama zonsezo kuti mwana azikasuzumira m'zimbudzi za eni?"

Mawuwo adandikhala mumtima zaka zitatu. Bambo a mwanayu adatisiya kalekale, ndiye fizi, lendi ndi ya ndiwo zimachokera pa makina anga osokera ku Limbe. Choncho atandiimbira foni kuti amutumiza kukaphunzira ntchito kwa milungu ingapo kunyanja ya Chilwa, ndidati ndikaone ndekha chomwe ndimathyokera msana.

Udali mwezi wa Epulo, mvula itangoleka. Ndidakwera minibasi mpaka ku Zomba, kenaka ndidapeza kabaza wa njinga yamoto wolowera ku Kachulu. Phiri la Zomba lidatsalira kumbuyo, dziko n'kuyamba kuyalana ngati mphasa. Uku ndi uku kudali minda ya mpunga, ndipo timakumana ndi anyamata atasenza madengu a nsomba panjinga. Tisadaione n'komwe nyanja, fungo la matemba lidatichingamira.

Padoko la Kachulu m'pamene ndidampeza mwana uja, atavala jombo ndi chipewa, ali pakati pa amayi ogulitsa nsomba. Adandilonjera mwaulemu, kenaka adati: "Amalume, mwafika bwino. Tikuwoloka kupita ku Chisi, kwerani nafe."

Tidakwera bwato lamatabwa pamodzi ndi mlangizi wa zaumoyo wa m'deralo, bambo wachikulire wodziwa aliyense ndi dzina. Chilwa siyofanana ndi nyanja ya Malawi. Madzi ake ndi amatope, osaya kwenikweni, ndipo amamveka kamchere. M'mbali mwake mwadzaza njedza, moti bwato limayamba ladutsa m'kanjira kopapatiza ngati mpita wa mbewa lisanatulukire poyera. Mkulu woyendetsa bwato adandiuza kuti mu 1995 nyanjayi idaphwa, anthu n'kumapita ku Chisi wapansi.

Tili pakati, mwana uja adandilozera kumtunda. "Mitsinje ya Likangala, Domasi, Thondwe ndi Phalombe yonse imathira muno, koma palibe mtsinje wotulutsa madzi. Likangala amadutsa m'tauni ya Zomba. Chonyansa chilichonse chomwe atenga kumeneko chimathera muno."

Kenaka tidaona tinyumba taudzu titayandama pamadzi. Amati zimbowera. Asodzi amamanga tinyumbati pa njedza zowunjika, ndipo ena amakhalamo milungu kapena miyezi osaponda kumtunda. Tidakocheza pa chimbowera china pomwe anyamata atatu amawamba milamba. Ndidayang'ana uku ndi uku, kenaka ndidafunsa mwakachetechete kuti nanga munthu akafuna kudzithandiza amapita kuti. Mmodzi adaseka n'kuloza m'madzi. Nanga akumwa? Adalozanso momwemo.

Apa m'pamene ndidamuona mwana uja akugwira ntchito. Sadawakalipire. Adakhala pansi, adafunsa ngati wina watsegula m'mimba masiku amenewa, n'kulemba m'kabuku. Adatunga madzi m'chigubu chawo, adathiramo kulorini woyeza bwino, n'kuwauza kuti adikire mphindi 30 asanamwe. Adawafotokozera kuti madzi amatope amadya mphamvu ya mankhwalawo, ndiye ayambe awasiya adikhe kapena awasefe ndi nsalu yoyera. Adawasiyira mapaketi a Thanzi, nati wina akayamba kutsegula m'mimba ngati madzi otsukira mpunga, ayambe kumwa pompo uku anzake akupalasa bwato kupita naye kuchipatala, chifukwa kolera imatha kupha munthu wamphamvu tsiku limodzi lisadathe.

Mlangizi uja adandiuza kuti mu 2016 asodzi a m'zimbowera adalandira katemera wa kolera wakumwa. Poti kuwapezanso kachiwiri n'kovuta, ena adapatsidwa kabotolo kachiwiri kuti akamwe okha pakatha milungu iwiri. Ndidakumbukiranso mliri uja udayambira m'boma la Machinga, lomwe limagundanso nyanjayi, mu Malichi 2022. Udafalikira dziko lonse ndipo udapha anthu oposa 1,700. Ife ku Limbe tidaika anthu awiri a mumpingo mwathu, maliro ake ofulumira, opanda kusambitsa, opanda nsima.

Ku Chisi tidayenda m'midzi ya m'tsinde mwa mapiri a pachilumbapo. Ndipo inde, mnzanga wa pabawo sadaname: mwana adasuzumiradi m'zimbudzi. Amaona ngati pabowo pali chivundikiro, ngati panja pali mpondagiya wosambira m'manja, ndiponso amayeza ndi mapazi kutalika kwa pakati pa chimbudzi ndi chitsime, pomwe pamafunika mamita osachepera 30. Pakhomo lina adapeza chimbudzi chili kumtunda kwa chitsime. Mwini wake adakwiya, nati adawononga ndalama zambiri pokumba. Mwana uja adapirira, adajambula pansi ndi kamtengo mmene madzi amvula amayendera m'nthaka, mpaka bamboyo adangoti kukamwa yasa. Sindikunama kuti adavomera pompo. Adangoti akaganiza.

Pobwerera dzuwa likupendeka, ndidamufunsa funso lomwe lidandibweretsa: "Kodi ukamaliza zaka zinayizi, ntchito yake ndi yomweyi basi?"

Adawerenga ndi zala. Ena amalembedwa ku Unduna wa Zaumoyo, kumene amayang'anira alangizi a zaumoyo, katemera ndi kalondolondo wa miliri m'boma lonse. Ena ali m'makhonsolo a mizinda, ndiwo amayendera misika, malo odyera, mabutchala ndi kotaya zinyalala, ndipo ali ndi mphamvu zotseketsa malo auve. Ena ali pazipata za dziko monga Mwanza, Dedza, Mchinji ndi Songwe, komanso pabwalo la ndege la Chileka ndi la Kamuzu, kutchinga matenda olowa ndi apaulendo. Ena amapita m'mafakitale ndi m'maesiteti kukaona kuti fumbi, phokoso ndi mankhwala zisavulaze antchito. Enanso ali m'mabungwe okumba mijigo ndi olimbikitsa ukhondo. Adati ngakhale yemwe sadapeze malo a digiri akhoza kuyamba ndi dipuloma ku Malawi College of Health Sciences. Chofunika n'kulimbikira masamu ndi sayansi ku sekondale.

"Koma ndisakunamizeni, amalume," adatero. "Alipo anzathu adamaliza kale ndipo akudikirabe ntchito. Komanso ntchito yathu siyioneka. Dotolo akachiza munthu, abale amabwera ndi nkhuku. Ife tikagwira bwino ntchito, kumudzi sikuchitika kalikonse, ndiye palibe wobwera kudzathokoza."

Sindidamuyankhe. Ndimayang'ana akakowa akutera panjedza, uku ndikuganiza za maliro awiri aja.

Ndikulemba izi chifukwa ndikudziwa kuti alipo makolo ena omwe ana awo asankhidwa kosi imeneyi ndipo akhumudwa monga ndidachitira ine. Sindingakulonjezeni kuti mwana wanu adzagula galimoto msanga. Koma musadamunyoze, mutsatireni tsiku limodzi kumene akugwira ntchito.

Nditafika kunyumba usiku, ndidapeza ndowa yathu ya madzi akumwa ili pululu, kapu ikuyandama momwemo, ana onse akupisamo manja. M'mawa mwake ndidagula ndowa ya mpopi ndi chivundikiro. Ya fizi ya chaka chomaliza ndayamba kale kuponya m'kachitini, ndipo mnzanga wa pabawo uja ndamuuza kuti ulendo wina tipitire limodzi, thiransipoti ndimulipirira ine.